Amayi a Mabeseni

Lolemba, 6 Novembala

Andigoneka bedi 14, wodi ya amayi, pafupi ndi zenera. Ndikulemba m'kope lokonzera maphunziro a Fomu 3, chifukwa ndi limene linatoledwa pothamanga. Dzanja lothyoka ndi lamanzere, choncho dziko silipuma ku zolemba zanga.

Za lero: ekisileyi yaonetsa kuti fupa limodzi la pakati pa chigongono ndi chikhatho lathyoka, ndipo linaboola khungu. Nthiti ziwiri zang'aluka. Bala lili ndi mafinya, poti ndinakhala nalo kunyumba masiku atatu nditalimanga ndi duku. Dilipi, jakisoni wa seftriyakisoni kamodzi patsiku, panado. Pulasitala aika bala likayera.

A Kaitano, adokotala a wodi ino, anafunsa kuti chinachitika n'chiyani. Ndinati ndinagwa panjinga. Analemba m'buku langa la kuchipatala. Zaka zinayi ku yunivesite ndikuphunzira nkhani zopeka, ndipo bodza limene ndakwanitsa ndi limeneli.

Lachiwiri, 7 Novembala

Kutentha. Fani ya kudenga ikuzungulira ngati kalaliki woyembekezera penshoni. Thupi 38.9.

Dongosolo la muno ndaligwira. Isanakwane sikisi, anamwino ndi majakisoni. Kenako okolopa. Naini koloko mlonda amakuwa kuti magadiyani onse panja, adokotala akuyendera odwala. Gadiyani wanga ndi alamu anga a Sellina, mlongo wawo wa amuna anga a Saulos. Amatuluka pakhomo momvera lamulo, n'kuzungulira chipupa, n'kudzaima pazenera langa. Khutu lawo limalowa pakati pa magalasi ngati kalata. Achimwene awo anawatuma kudzandisamala, ndipo akundisamaladi: palibe mawu anga amene akugwa pansi osatoledwa.

Bedi 15 pali Mariya wa kwa Malemia, zaka mwina makumi awiri ndi ziwiri. Anapsa phewa ndi msana. Akuti mphika wa phala unamugwera. Sindinamvepo za mphika wokwera mumtengo kuti ugwere munthu kumsana, koma wa njinga angaseke bwanji wa mphika? A pabedi 11 anawombedwa ndi chitseko. Kuchigwa kuno timaopa ng'ona pachabe. Zolusa zenizeni ndi ziwiya za m'nyumba.

Lachitatu, 8 Novembala

Masana kwalowa amayi asanu ndi mmodzi, aliyense beseni pamutu. Ndinayesa ndi a mpingo abwera kudzatiimbira nyimbo za maliro tisanafe, ndiye ndinatseka maso.

"Aphunzitsi," anatero wina kumutu kwanga, "wogona tulo sagwira bolopeni chotero."

Mayi wamfupi, wa manja olimba, wonunkhira utsi wowambira mlamba. Dzina ndi Evelesi, amagulitsa nsomba ku Chiromo. Amandidziwa. Akuti Loweruka lililonse m'mawa amatontholetsa makasitomala kuti amvere sewero langa loseketsa la pawailesi.

"Sitipemphera, sitigulitsa kanthu," anatero. "Timasambitsa odwala amene manja awo safika kumsana. Tikusambitseni?"

"Ndili ndi gadiyani, mayi."

Anayang'ana a Sellina, anayang'ana khosi langa. "Takhuta," anathokoza m'Chisena, n'kupita pabedi lina.

Anamwino andiuza kuti ndi gulu la amayi amene anazunzidwapo, ena kumenyedwa m'banja, ena kugwiriridwa. Dzina limene analembetsa kuboma palibe amalikumbuka, aliyense amangoti amayi a mabeseni. Amabwera Lachitatu ndi Loweruka.

Nkhani zimenezi ine ndimazidziwa. Chaka chatha, pa mwambo wothana ndi nkhanza, woyankhula pabwalo ndinali ine, chinkuzamawu pakamwa, tisheti yaulere pathupi. Mkati mwake ndinavala malaya a manja aatali. Anthu ankadabwa kuti madamu samva kutentha.

Ndilembe chimodzi: a Sellina amandisiyira madzi m'bafa, iwo n'kudikira panja. Zimene sanaone sadzafunsidwa. Msana wanga sunakumane ndi sopo chichokereni kunyumba.

Lachinayi, 9 Novembala

Thupi 39.6. Kunjenjemera ku Nsanje mwezi wa Novembala. Ayeza malungo, palibe. Mawa ku thiyeta kukatsuka bala.

Lachisanu, 10 Novembala

Atsuka. Achotsa mnofu wakufa ndi kachidutswa ka mtengo. A Kaitano anandionetsa m'kabotolo. "Njinga yanu ndi yamatabwa, madamu?"

Awonjezera metronidazo katatu patsiku. Mkamwa ngati ndayamwa msomali. Ndasanza kawiri.

Loweruka, 11 Novembala

Abwera a Saulos, shati yosita, jumbo ya maapozi ndi yogati. Anagwada pambali pa bedi wodi yonse ikuona, n'kundipukuta thukuta ndi mpango wawo.

"Make Titho, njinga imeneyi ndikaigulitsa. Sindingalole kuti indiphere mkazi."

A pabedi 11 anausa moyo, amvekere amuna otere anatha. Ndiwapatse ulemu wawo: pa awirife, wa zisudzo weniweni ndi iwo. Ine ndimangolemba.

Amayi a mabeseni anadutsa osaima pabedi langa. Mayi Evelesi anapereka moni kwa a Saulos mwaulemu wonse, maso ali pa manja awo.

Maapozi ndapatsa Mariya. Wadya limodzi, ndi njere zomwe.

Lamulungu, 12 Novembala

Waimba mwana wanga Tithokoze kuchokera ku sukulu yogonera komweko, pafoni ya amatroni.

"Amayi, akuti munagwa panjinga?"

"Eya."

"Iti? Ija ili padenga la khitchini, yopanda tayala chisefukireni madzi?"

Ndinati netiweki ikuvuta.

"Tikatsekera ndipita kwa amayi aang'ono kwa Katunga," anatero. "Kunyumba sindibwera. Musakwiye."

Mwana wa zaka khumi ndi zisanu wachonga nkhani yanga ndi inki yofiira. Sindinakwiye.

Lachiwiri, 14 Novembala

Thupi 37.8. Mafinya achepa. Msana watuluka nsungu za thukuta. Ndikudzikanda pachitsulo cha bedi ngati mbuzi pachipupa cha sitolo. Digiri sithandiza apa.

Lachitatu, 15 Novembala

Lero ndagonja. Ndikanakonda kulemba kuti chandigonjetsa ndi chikumbumtima, koma ndi kuyabwa.

A Sellina anatsutsa. "Alamu, anthu awa ndi opasula mabanja."

"Nkhabe, mayi," anakana mayi Evelesi. "Mabanja amafika muno ataphwasuka kale, pa machila. Ife tangonyamula sopo."

M'bafa anatseka chitseko, anakulunga dzanja langa m'jumbo kuti lisanyowe, kenako anavula bulauzi yawo n'kuipachika pamsomali. "Inganyowe," anatero, n'kutembenuka kutunga madzi.

Msana wawo. Kuchokera paphewa mpaka m'chiuno pali chipsera chotupa, chopingasa, ndi tina ting'onoting'ono m'mbali mwake.

"Nkhafi," anatero osacheuka. "Yopalasira bwato. M'buku langa analemba kuti ndinagwa m'bwato. Kanayi konse. Ine mwana wa msodzi, wobadwira pamadzi."

Anandivula. Ndinadikira funso. Ndinali nditakonza kale mayankho atatu, onse omveka bwino. Funso silinabwere. Chinkhupule chinkayenda pamsana, chikafika pachipsera chakale chinkachepetsa liwiro, n'kupitirira. Chinachepetsa kasanu ndi kawiri. Ndinkawerenga. Mayiwa buku satha kuwerenga, koma msana wanga anaumaliza wonse osadumpha tsamba.

Ndinayamba ndekha. Ndinawauza za sewero la kumapeto kwa Okutobala, lija la mlangizi wa zaulimi amene amayenda ndi fayilo kulangiza anthu pomwe munda wake womwe unatha ndi kaufiti. A Saulos ndi mlangizi wa zaulimi. Sabata yonse anzawo ankawaseka pa bawo. Lachisanu mpini wa khasu unapeza ntchito imene sunaipezepo kumunda.

Mayi Evelesi anaseka mpaka kugwira chipupa. "Lija la kaufiti? Ine ndinaseka mpaka khwangwala kundibera nsomba! Ndiye ndi amenewo?" Kenako kuseka kunatha. "Aphunzitsi, sewero linali labwino. Musadzalipepese."

Ndinalira. Ubwino wa m'bafa, madzi ndi madzi.

Lachinayi, 16 Novembala

Thupi 37.1. Achotsa dilipi, tsopano mapiritsi okhaokha. Bala likuyera. Zikapitirira chonchi, Lachiwiri pulasitala, Lachitatu kutuluka.

A Kaitano anawerama ngati akuyang'ana bandeji, msana atalozetsa kuzenera, n'kulankhula motsitsa. "Madamu, buku ili ndi lanu. Ine ndimalemba zimene mwini wake wanena. Mwini wake akasintha, ndimatsegula tsamba latsopano, ndipo lipoti lopita kupolisi limatsata tsamba limenelo. Ndi bwino zichitike musanatuluke, kabotolo kaja ndikadali nako."

Ndiye nkhani ili apa. Masiku asanu ndi limodzi. Kaya ndibwerera kunyumba ndi njinga yanga, kaya ndiisiya muno.

Lachisanu, 17 Novembala

Ndagona chagada koyamba osadzikanda. Mariya salankhula ndi munthu. Anamwino akamamusintha bandeji amaluma chitenje, osatulutsa mawu. Apongozi ake ndiwo amamuyankhira ngakhale moni.

Loweruka, 18 Novembala

Ndayenda ndekha mpaka pamtengo wa nimu, kuseri kwa khitchini ya magadiyani. A Sellina ndinawauza kuti ndikukapitidwa mphepo. Amayi khumi ndi atatu, mabeseni atavundikirika asanduka mipando.

Poti ndine wophunzira, ndinafunsa za mlembi, malamulo olembedwa ndi ndondomeko ya zokambirana. Anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti Shire ali ndi chilolezo choyendera. Malamulo alipo atatu, m'mutu. Palibe kufunsa mnzako kuti unalakwa chiyani. Zomveka pano zimatsala pano. Wonena kuti banja ndi kupirira avine gule wa utse yekha pakati, popanda ng'oma.

Ndinafunsa za mabeseni. Mayi Evelesi anati poyamba anaitanitsa msonkhano pachikwangwani, ndipo kwa miyezi iwiri ankakhala atatu okha ndi mbuzi. "Kuyenda kubwera pamtengo uno n'kulengeza kale. Ndani angalole? Koma kusamba palibe angakuletse. Mwamuna salowa m'bafa la amayi, mlamu amaima pakhomo. Ndiye tinasamutsira ofesi m'bafa."

Misonkhano yonse ya m'mahotela imene ndinakhalapo, ya mabotolo a madzi ndi mapepala omata pakhoma, palibe anaganizapo zimenezi. Anaziganiza ndi ogulitsa mlamba.

Pali Estere, amene anagwiriridwa kumsasa wa othawa madzi osefukira. Miyezi isanu ankangobwera, kutchula dzina, n'kukhala chete. Palibe anamukankha. Lero ndiye amaperekeza anzake kupolisi ndi kukhoti, ndipo amadziwa chitseko chilichonse ndi fomu iliyonse. Polankhula za tsikulo mawu ake amanjenjemerabe. Amaima, anzake amadikira, amapitiriza. Palibe amamumalizira chiganizo.

Itafika nthawi yanga ndinati, "Ndine Ireen." Basi. Ine wolankhula mphindi makumi atatu pawailesi. Anawomba m'manja chapansipansi ngati ndanena zambiri.

Kenako pakamwa panandipereka. Ndinati, "Komatu mwina chifukwa cha mwana, munthu ungathe kupirirako pang'ono."

"Eeeh! Aphunzitsi alowa okha!" anakuwa wina. Bwalo linatseguka. Ndinachonderera kuti ndili ndi nthiti ziwiri zong'aluka. Anati miyendo ili ndi lipoti lanji? Ndavina utse ndi dzanja limodzi, pang'onopang'ono ngati nkhuku yonyowa, magadiyani akusuzumira kukhitchini. Ndikukhala pansi Estere anandinong'oneza: "Mwanayo mwamufunsa ngati akufuna mupirire?"

Sindinamufunse. Anandiyankha yekha Lamulungu.

Lamulungu, 19 Novembala

Nthiti zikundilipitsa za dzulo. Panado awiri.

A Sellina amva za kuvina. Ankandisendera mango, maso ali pampeni.

"Alamu, mayi athu anakhala pabanja zaka makumi anayi. Mano a kutsogolo analibe, koma anaikidwa ndi ulemu. Anthu anadzaza mpaka kumsewu."

"Ulemuwo anaumva, alamu?"

Mango anasenda bwinobwino, n'kundidulira tizidutswa toti ndithe kutola ndi dzanja limodzi. Munthuyu sindimumvetsa, ndipo ndikukayika ngati amadzimvetsa.

Lolemba, 20 Novembala

Naini koloko. Magadiyani panja. Khutu pazenera.

"Tadzuka bwanji lero, madamu?"

"Tsegulani tsamba latsopano, adokotala."

Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wa Fomu 1 wopempha kupita panja. Ndinakumbuka kuti ndimaphunzitsa ana makumi asanu ndi atatu popanda chinkuzamawu. Ndinakoka mpweya mpaka pamene nthiti zinalola, n'kulankhulira benchi la kumbuyo.

"Njinga ilibe mlandu. Ilibe ngakhale tayala. Anandimenya ndi amuna anga, a Saulos, ndi mpini wa khasu, Lachisanu pa 3 Novembala. Ndinatchinga kumutu ndi dzanja ili. Ndipo sikanali koyamba."

A Kaitano analemba tsamba ndi theka, anayeza zipsera zakale chimodzichimodzi, anandiwerengera zonse, ndinasayina. Mwa zolemba zonse zimene zili ndi dzina langa, iyi yokha ndi imene mulibe nthabwala, ndipo ndi imene ndikuinyadira.

Nditacheuka, pazenera panalibe munthu.

A pabedi 11 anadzuka pachigongono. "Aja a maapozi?"

"Omwewo, mayi."

"Hii," anatero, n'kuyang'ana chitseko cha wodi nthawi yaitali.

Mariya anali atafunda chitenje mpaka kumutu.

Chakudya cha masana sichinabwere. Dzuwa likupendeka kunafika Estere ndi mpunga ndi nsomba ziwiri za makakana zokazinga. Lero si Lachitatu, si Loweruka. Sindikudziwa amene anawauza, ndipo anamwino akuyenda ngati sadziwa kanthu.

Lachiwiri, 21 Novembala

Pulasitala yaikidwa, kuyambira pachikhatho mpaka pamwamba pa chigongono, asiya kazenera kotsukira bala. Masabata asanu ndi limodzi. Mapiritsi a masiku khumi. Ekisileyi ina pa 3 Januwale.

Kwabwera wapolisi wamayi wa ofesi yothandiza ozunzidwa, limodzi ndi Estere. Ndapereka umboni, lipoti la adokotala latengedwa pamodzi ndi kabotolo. A Saulos awaitana Lachinayi. Estere ndiye anandikumbutsa kupempha kalata ya khoti yowaletsa kundiyandikira. Ine wa digiri ndinali nditaiwala, ngakhale chaka chatha ndinaifotokoza pabwalo anthu n'kuwomba m'manja.

Foni yalira kakhumi ndi kasanu ndi kawiri. Mauthenga anayamba ndi zoopseza, masana anasanduka mavesi, madzulo abwerera ku zoopseza. Sindinafufute ngakhale umodzi. Estere akuti onse ndi umboni, mavesi omwe.

Ahedi avomera tchuthi. Mng'ono wanga kwa Katunga wayala kale mphasa. Ndamuimbira Titho: "Njinga ija yapezeka yosalakwa." Anaseka, kenako analira, kenako amatroni anafuna foni yawo.

Ndikuopa. Ndilembe, poti ndi zoona.

Lachitatu, 22 Novembala

Anditulutsa. Thupi 36.8.

A Saulos ali kuchipata ndi galimoto yobwereka. Mlonda wawakaniza kulowa. Atumiza uthenga kuti za m'banja zimathera m'banja, ndikwere tikakambirane.

Muno wodwala safunsidwa kumene akupita. Amatsata katundu wake. Kumene kwalowera ndowa ndi mkeka, ndiye kwawo. A Sellina anatulukira m'mawa, osandipatsa moni, n'kulongedza zonse: mbale, bulangete, mapiritsi, buku la kuchipatala pamwamba. Atamaliza anasenza ndowa.

Nthawi yomweyo analowa amayi a mabeseni. Lero abwera asanu ndi anayi. Sanatseke njira. Anangoima m'mbali mwa bedi ngati akudikira basi.

A Sellina anaima pakati pa wodi, ndowa pamutu. Hutala inalira kuchipata. Anayang'ana kukhomo, anayang'ana pulasitala yanga. Kenako anatula ndowa n'kuipereka kwa mayi Evelesi.

"Chivundikiro chimavuta," anatero. "Muzikanikiza pakati."

Anatuluka okha, manja lendee. Sindikudziwa zimene akukanena kuchipata, ndipo ndikuwadera nkhawa. Ndawauza mayi Evelesi. Akuti msika umene a Sellina amapitako amaudziwa, akawazonda.

Ndinapemphedwa kusankha chipata. Kumbuyo kuli kachipata ka kukhitchini, kotulukira mwakachetechete. Ndasankha chachikulu. Ndinalowera pamenepo ndi bodza, ndipo ndikufuna ndidutse pomwepo pakati pa mabeseni asanu ndi anayi, ndikakwere minibasi ya ku Chikwawa anthu akuona.

Tikuti tinyamuke, chitenje cha pabedi 15 chinatsika mpaka pachibwano. Apongozi ake a Mariya anali atapita kokatunga madzi.

"Aphunzitsi," anatero. Aka n'koyamba kumva mawu ake akulankhula ndi ine. "Kumsana kukuyabwa. Kumene sikunapse."

Anamwino avomera, bola bandeji isanyowe. Ndabwereka beseni ndi chinkhupule.

"Ndi dzanja limodzi?" anafunsa mayi Evelesi.

"Lakwana."

"Lamulo mukulidziwa?"

"Sindifunsa kanthu."

Ndikulemba izi Estere akutunga madzi. Hutala yaliranso kuchipata. Ilire. Mabatani a bulauzi amavuta ndi dzanja limodzi, ndipo woyamba kuvula ndine.